Tsiku la Khumi ndi Chisanu

Pantchito pathu pali mayi amene timawatcha Azamba. Sanabadwitsepo mwana wa munthu ayi. Dzinali analipata chifukwa cha makoswe, pakuti kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri khoswe aliyense wa m'nyumba yathu ya kafukufuku wadutsa m'manja mwawo ali wofiira, wopanda ubweya. Ine ndimakonza makina, anthu amanditcha Sipanala, ndipo ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndikunena za iwo chifukwa pa zimene zinawagwera palinso dzanja langa, ndipo nkhaniyi imandidya.

Anabwera kudzakolopa. Amuna awo anali atangomwalira, kuwasiyira mwana mmodzi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina bambo amene ankasamala makoswe analumidwa chala, n'kumuponya khosweyo pansi. Aliyense anakwera pampando, madokotala omwe. Mayi wokolopa uja anatsamiritsa mopu kukhoma, anagwada, n'kumutola ndi manja opanda magolovesi. Khoswe anangopinda miyendo n'kukhala phee m'chikhatho. Sabata yotsatira anawapatsa chovala choyera ndi makiyi a chipinda chapansi.

Chipindacho chilibe zenera. Magetsi amayaka okha n'kuzima okha, fani imalira usana wonse, ndipo fungo la utuchi ndi mkodzo limakulowa mpaka m'tsitsi. Musaganize za makoswe a kudzala. Athuwa ndi oyera, maso ofiira, amadya chakudya choyezedwa pa sikelo, ndipo aliyense ali ndi nambala yolembedwa kumchira. Azamba amafika ena tonse tisanafike. Amasintha utuchi, amatsuka mabotolo a madzi, amayeza aliyense kulemera kwake, ndipo wodwala amamudziwa pongomva mmene akupumira. Akakwera basi madzulo, woyandikana nawo amatsekula zenera. Ndinkawaseka kuti ndi okhawo mu mzinda muno amene amakhala mpando wa anthu awiri pa mtengo wa mmodzi.

"Inu a Sipanala, pakamwa panupo padzakupachikitsani," ankatero. Analosera.

Mwana uja anakula bwinobwino ndi ndalama za makoswe. Anakhala dalaivala wa magalimoto akuluakulu a maulendo ataliatali, mnyamata wamtali, wonenepa khosi, woti akalowa m'nyumba ya amayi ake ankawerama pachitseko. Panjira pomwepo ndi pamene anzake anamuphunzitsa mankhwala ozunguza bongo aja ochotsa tulo ndi njala, oti munthu ayendetse masiku awiri osaphethira. Azamba sankawatchula dzina. Ankangoti "mchere uja", poti amaoneka ngati timibulu ta mchere. Patapita zaka zitatu anagwetsa galimoto mu ngalande, ntchito inatha, mkazi anatenga mwana n'kubwerera kwawo, iye n'kubwerera m'kachipinda kamene anakuliramo. Apa n'kuti ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

Ndinamuona kamodzi nthawi imeneyo atabwera pageti kudzafuna amayi ake. Sindinamuzindikire. Khosi lija linali litatsala mitsempha yokhayokha, mano akutsogolo atathetheka, m'mikono muli zilonda zodzikanda yekha. Ankatha masiku atatu osagona, akumasula chilichonse chokhala ndi sikuluwu: wailesi, ayironi, loko wa pachitseko, mbaula yamagetsi. Akamasula sankabwezera. Kawiri konse Azamba anamutengera ku chipatala cha anthu otere, kawiri konse anathawa sabata isanathe. Anzawo a kutchalitchi ankawauza kuti amuthamangitse kapena amuperekeze kupolisi. Iwo ankangoyankha kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Chaka chathachi kunabwera a Dokotala atsopano, mayi wachitsikana wa magalasi. Si dokotala wa odwala, ndi wa kafukufuku. Ankafuna kuona ngati njira ija yochiza pobaya timasingano tating'ono pathupi ingachepetse chibaba cha mankhwala amenewa. Poti sungayambire pa munthu, anayambira pa makoswe.

Ntchito yake inkayenda motere. Ine ndinalumikiza mabokosi khumi ndi awiri. M'bokosi lililonse muli kachitsulo ndi kababu. Khoswe akadina kachitsulo, kababu kamayaka, ndipo kadontho ka mankhwala kamalowa m'thupi mwake kudzera pa kapaipi kakumsana. Pakutha masabata atatu safunanso kudya. Ukamuika m'bokosi amathamangira pakachitsulo. Kenako mankhwala amawachotsa, khoswe amabwerera m'khola mwake, ndipo kwa masiku khumi ndi anayi amabayidwa kasingano m'mawa uliwonse. Kasinganoko n'kowonda ngati tsitsi. Ena amabayidwa pamfundo ya kamwendo kakutsogolo, pamalo pomwe a Dokotala ankakhulupirira. Ena amabayidwa kumchira, pongofuna kuyerekezera. Mphindi imodzi basi. Tsiku la khumi ndi chinayi timamubwezera m'bokosi, kababu kakuyaka koma mankhwala mulibe, mita n'kumawerenga kuti adina kangati. Wodina kwambiri ndiye kuti chibaba chikadalipo.

Wogwira khoswe pobayidwa anali Azamba, pakuti kwa wina aliyense ankaphupha n'kupinditsa singano. Tsono taganizani. M'mawa akusiya mwana akukanda khoma kunyumba, kudzafika kuntchito n'kumapakira makoswe m'mabokosi kuti akaphunzire mchere womwewo. Sanadandaulepo. Koma ndinkawaona ataima pagalasi la bokosi nthawi yaitali, akuyang'ana khoswe akudina, tsache lili m'manja.

Gulu loyamba litamaliza, ndine ndinawerenga mamita. Obayidwa kumchira anadina pafupifupi ka zana limodzi ndi theka aliyense. Obayidwa pamwendo ambiri sanafike ngakhale makumi asanu ndi limodzi. Ntchito yanga inali kulemba manambalawo n'kukapereka pamwamba, basi. Koma ine ndine ine. Ndinatsikira nawo m'chipinda chapansi ngati ndatola chikwama.

"Azamba, makoswe anu a pamwendo aja asiyatu."

Mawu olondola anali akuti achepetsa. Ndinati asiya. Anaika botolo limene ankatsuka pansi, anapukuta manja pachovala, n'kundifunsa kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza momwemo, chitsiru ine.

Masana omwewo anakwera masitepe kukagogoda kwa a Dokotala. Ine ndinali momwemo, ndikukonza soketi. Anafotokoza zonse za mwana wawo ataimirira, manja kumbuyo. A Dokotala anavula magalasi. Si munthu woipa, ndipo sanawanamize.

"Amayi, awa ndi makoswe. Ndipo sanasiye, angochepetsa, tsiku limodzi lokha limene tinawayesa. Kuchoka pa khoswe kufika pa munthu pali ulendo wautali, ndipo zambiri zimafera panjira."

"Wautali bwanji?"

"Mwina zaka khumi. Mwina osafika n'komwe."

"Wanga alibe zaka khumi," anatero Azamba.

A Dokotala anawalembera pakapepala dzina la chipatala, n'kuwapempha kuti asayese chilichonse paokha. Chinali chipatala chomwe chija mwana anathawako kawiri. Azamba anathokoza, anapinda kapepalako kanayi, n'kutuluka. Gulu lachiwiri la makoswe litatha masiku asanu likubayidwa, ndinawaona akutenga kabokosi ka timasingano tosatsekula m'kabati n'kukaika m'chikwama, pansi pa mpango. Maso athu anakumana. Ndinawerama n'kumafufuza chinthu chimene sichinagwe.

Atamuuza kuti akufuna kumamubaya timasinganoto, mwanayo anavomera moseka. Akuti anati, "Ndiye mwandisandutsa khoswe, amayi?" Iwo anati, "Makoswe anga amamva kuposa iwe." Nthawi imeneyo mnyamatayo anali atatopa, atatha masiku anayi osagona, alibenso chogulitsa. Anapereka mkono.

Anagona masiku awiri athunthu. Atadzuka anadya chilichonse chimene chinali m'nyumba. Pambuyo pake ndinamva kwa a Dokotala kuti aliyense wosiya mankhwala amenewa amayamba choncho, kaya wabayidwa kaya ayi. Koma panthawiyo Azamba ankabwera kuntchito nkhope ikuwala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akuimba potsuka mabotolo. Anatenga khadi limene timapachika pakhola la khoswe, la mabokosi khumi ndi anayi ochonga, n'kukalikhoma pachitseko cha mwana wawo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu la kubayidwa kwa mwanayo linagwa Lamulungu, ndipo Azamba anandipempha ndikawalumikizire mbaula ija iye anaimasula. Ndinafika m'mawa, dzuwa litangolowa pazenera la kukhitchini. Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, pansanjika yachiwiri, masitepe onunkha madzi a sopo. Ndinapeza mnyamata atakhala patebulo, atasamba, atavala malaya a bambo ake omutaya m'mapewa. Anandipatsa moni mwaulemu, koma mwendo wake unkangogwedera pansi pa tebulo.

"Dzanja, bambo," anatero Azamba.

Anatambasula mkono patebulo, chikhatho kumwamba. Mayi anapukuta ndi thonje pomwe pamakhala lamba wa wotchi, cha kumbali ya kachala kakang'ono. Anabaya. Kenako anaugwira mkonowo ndi manja onse awiri monga amagwirira khoswe, chala chachikulu chikusisita pang'onopang'ono, maso ali pa wotchi yapakhoma. Mwendo uja unaleka kugwedera. Mphindi itakwana anazula, anataya singano m'chitini, n'kukachonga pakhadi.

"Amalume, mukudziwa?" mnyamata anatero kwa ine. "Amayiwa anamaliza kundigwira dzanja ndili sitandade wani, powoloka msewu."

"Unkaluma," anatero Azamba, n'kuyatsa mbaula kuti aone ngati ndakonzadi.

Mawa lake linali tsiku la khumi ndi chinayi kwa makoswe a gulu lachiwiri, poti iwo anali patsogolo pa mwanayo ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Tinawayesa m'mabokosi m'mawa. Masana inali ntchito ija sitikonda kuitchula. Pantchito pathu sitinena kuti kupha, timati kugoneka. Khoswe akamaliza kuyesedwa amagonekedwa ndi mpweya, a Dokotala amachotsa ubongo kuti akauone pa makina, chotsalacho chimapita mufiriji m'thumba lachikasu. Wowanyamula kupita nawo kumeneko ndi Azamba, zaka zonsezi.

Anandipeza ndikupinda mawaya. Anali ndi khola m'manja.

"A Sipanala, tsiku la khumi ndi chisanu timatani?"

"Latani?"

"Khadi lija lili ndi mabokosi khumi ndi anayi. Akatha, ndipitirize kubaya kapena ndisiye? Makoswe amatani tsiku la khumi ndi chisanu?"

Panalibe khoswe ndi mmodzi yemwe wa kafukufukuyu amene anaonapo tsiku la khumi ndi chisanu. Iwo ankadziwa zimenezi kuposa ine, poti ndi amene ankamanga matumba achikasu aja, koma anali asanaziganizepo mpaka tsiku limenelo. Anakafunsanso a Dokotala. Yankho linali lomwelo, loti kafukufuku amathera pamenepo, za kutsogolo palibe akudziwa.

Madzulo ake makoswe ogonekedwa anaperewera mmodzi. Anali wa pamwendo, nambala 31, wong'ambika khutu, amene tinkangomutcha Khutu. Pa mayeso anali atadina ka makumi awiri ndi kawiri kokha, kuchepa kuposa onse. Azamba anamubisa m'sitolo ya chakudya, kuseri kwa matumba. Anandiuza okha, poti ankafuna makiyi anga a mabokosi aja.

"Ameneyu aziyenda patsogolo," anatero. "Chimene chimuonekere iyeyu, ndidziwiratu chisanafike kwa mwana wanga."

Ankamubaya yekha m'mawa uliwonse, dzanja limodzi kugwira, lina kubaya. Loweruka, tsiku limene timabwera awiri okha kudzadyetsa ziweto, mwana wawo anakwanitsa masiku khumi ndi anayi. Anachonga bokosi lomaliza pakhadi, n'kubwera kuntchito. Atamaliza kusintha utuchi anatulutsa Khutu.

"Yatsani bokosi limodzi."

Apa ndi pamene ndikanakana. Ndikanati makiyi ndaiwala, kapena fyuzi yapsa. Ine wokonza makina, bodza lotere likanandivuta chiyani? Koma nanenso ndinkafuna kuona. Ndinayatsa.

Khutu anayamba wanunkhiza m'makona. Anakhala pansi n'kumasukusula kumaso ndi timanja take. Mphindi zitatu, zinayi. Azamba anandigwira pamkono. Kenako Khutu anatembenuka, anapita pakachitsulo, n'kudina. Kababu kanayaka. Anadinanso. Anayamba kudina ndi timanja tonse tiwiri, kuluma kachitsuloko, kukanda pakhoma pomwe pankadzera kapaipi. M'chipindamo munkangomveka fani ndi kulira kwa mita. Itafika pa mazana awiri ndi khumi ndi zinayi, ola lisanakwane, Azamba anati, "Zimitsani." Anamutola, anamubwezera m'khola, anamuthirira madzi, anavula chovala choyera n'kuchipachika pamsomali. Sanatsanzike.

Zimene zinachitika kunyumba mawa lake anandiuza patapita miyezi iwiri, tikudya nkhomaliro pamasitepe akuseri.

Akuti anadzuka n'kupeza mwana atakhala kale patebulo, atasamba, atawiritsa madzi a tiyi, mkono uli chitambasulire. Anali atajambula yekha ndi bolopeni bokosi lachikhumi ndi chisanu m'mphepete mwa khadi. Iwo anaima pakhomo la khitchini. Usiku wonse m'makutu mwawo munkalira mita ija.

"Amayi, nthawi," anatero mwanayo.

"Pinda malaya akowo. Zatha."

"Masingano atha?"

"Alipo. Koma sizigwira ntchito. Ndaona ndi maso anga dzulo. Ndakhala ndikukunamiza, ndikudzinamizanso ndekha."

Azamba sadziwa kunama, ndilo vuto lawo. Anamufotokozera zonse, za Khutu, za kababu, mpaka nambala ya pamita. Mwanayo anamvetsera osadula mawu. Anayang'ana mkono wake kanthawi, kenako anatsitsa dzanja la malaya n'kumanga batani.

"Chabwino, amayi," anatero. Anawathirira tiyi, anatsuka kapu yake, n'kunena kuti akukawongola miyendo.

Anamupeza patatha masabata asanu kuseri kwa depoti ya mabasi, atakhala chotsamira khoma, masana dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala anati mtima unaima. Azamba anakamuzindikira ndi malaya a bambo ake aja.

Atabwerera kuntchito anakwera okha kwa a Dokotala kukaulula za khoswe wosowa ndi za timasingano. Ankayembekeza kuchotsedwa ntchito. A Dokotala anamvetsera, ndipo atamva za Loweruka lija anagwira pakamwa.

"Amayi, khoswe mmodzi satiuza kanthu. Akadina kwambiri, akadina pang'ono, mmodzi si umboni. N'chifukwa chake timakhala nawo ambiri. Mwina tsiku limenelo anangodzidzimuka ndi chinachake. Mwina mawa lake sakanadina."

Ankafuna kuwatonthoza, ndikudziwa. Koma ine ndinali pakhomo ndipo ndinaona nkhope ya Azamba.

"Ndiye kuti mwina zinkagwira?"

"Sindikudziwa, amayi. Mwina ayi. Sindinganame."

Ine mpaka lero sindidziwa ngati kasingano kaja kankachita kanthu pa mnyamata uja, kapena anali manja a amayi ake, kapena anali atangotopa ndipo akanapita ndithu sabata yotsatira. A Dokotala sadziwa, ndipo pepala limene analemba likungonena za makoswe ndi masiku khumi ndi anayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndine ndinati asiya pomwe anangochepetsa, ndipo ndine ndinayatsa bokosi. Ndinawapepesa Azamba kamodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amene anakana mkono ndi ndani, inu kapena ine?" Sitinaikambenso.

Ntchito sanawachotse. Khutu anamulemba kuti wachotsedwa mu kafukufuku, ndipo tsiku limene Azamba anatuluka ndi katoni yobooledwa pamwamba, a Dokotala anali kuyang'ana kwina. Akadali nafe Azamba. Atsala ndi zaka zinayi kuti apume. Amafikabe tonse tisanafike, amagwirabe makoswe pobayidwa, ndipo tsiku la khumi ndi chinayi amawanyamula okha kupita nawo kogonekedwa. Kuimba kuja kunatha. Inenso za mpando wa anthu awiri ndinasiya.

Khutu amakhala m'kachipinda ka mwana uja, khola lili pabedi. Wakalamba, ubweya wayamba chikasu, miyendo yakumbuyo akuikoka. Azamba amagula okha timasingano tsopano. M'mawa uliwonse asananyamuke amamugwira, amamubaya pakamwendo, amayang'ana wotchi yapakhoma mphindi imodzi, n'kuchonga. Makhadi adzaza chitseko chonse. Sanandipemphenso kuti ndiyatse bokosi.

Lero m'mawa tinakumana pamasitepe otsikira pansi, iwo ali ndi ndowa ya utuchi.

"Mwadzuka bwanji, Azamba?"

"Tadzuka," anatero. "Lero ndi tsiku la mazana atatu ndi makumi anayi ndi limodzi. Sindinadumphitse."